Nyumba zakale za ku Chitawira ndi Naperi: anamanga ndani, nanga liti?

Nachisale_BT
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa akuluakulu amene munakulira ku Chitawira, Naperi, Kanjedza ndi madera oyandikana nawo. Bambo athu anatisiyira nyumba ku Chitawira, ya zipinda ziwiri zogona, denga la asibesitosi, pansi simenti yofiira ija. Anafe tagwirizana kuti tiikonze, tiwonjezere chipinda ndi bafa la m'kati. Mmisiri amene tinamuitana wangoizungulira kamodzi n'kunena kuti ndi ya atsamunda, tingogwetsa tiyambirenso. Achimwene anga akukana, akuti inamangidwa ndi a Housing (Malawi Housing Corporation) titalandira kale ufulu. Pepala lomwe tili nalo likungotchula chaka chimene bambo anagula. Kodi nyumba za kuno anamanga ndani? Nanga munthu angadziwe bwanji zaka za nyumba pongoyiona? Kumbuyo kuli mng'alu wautali wochokera kudenga mpaka pansi, ndiwo ukutisowetsa tulo.

Kaphiri_77
Musagwetse chemwali. Itanani mmisiri wina aone kaye.

MphunzitsiWopuma
Mwafunsa bwino mayi, ndipo n'kutheka kuti mmisiri wanu ndi achimwene anu onse ali ndi mbali imene akulondola. Ndifotokoze pang'ono mmene mzindawu unakulira.

Blantyre inayamba ndi mishoni ya Asikotishi mu 1876, kenako a kampani ya African Lakes anamanga nyumba ya Mandala mu 1882. Njanji itafika mu 1908, Limbe inakula payokha chifukwa cha sitima ndi fodya. Kwa zaka zambiri awa anali matauni awiri, aliyense ndi khonsolo yake, mpaka anawaphatikiza mu 1956. Nthawi yonseyo nyumba zabwino za m'tauni, ku Sunnyside ndi ku Mandala, zinali za azungu. Makolo athu ambiri ogwira ntchito m'tauni ankagona m'midzi yozungulira, ku Ndirande, kwa Kapeni, kwa Machinjiri, n'kumalawirira wapansi m'bandakucha.

Nkhondo yachiwiri itatha anthu anachuluka m'tauni, boma linaona kuti makalaliki, aphunzitsi, apolisi ndi ogwira ntchito m'makampani akufunika pogona pafupi. Ndiye chapakati pa zaka za m'ma 1950 anakhazikitsa Soche Authority kuti itukule malo a pakati pa Blantyre ndi Limbe, m'munsi mwa phiri la Soche. Mu 1964, chaka cha ufulu, kunabadwa Malawi Housing Corporation, yomwe inatenga ntchitoyo n'kupitiriza kumanga. Choncho m'dera lonseli muli nyumba za mibadwo iwiri zoyang'anizana pamsewu umodzi: za nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi za nthawi ya Kamuzu. Dzina la dera palokha silingakuuzeni chaka. Muyenera kuyang'ana nyumba yanuyo.

Nachisale_BT
Zikomo aphunzitsi. Ndiye tiyang'ane chiyani kwenikweni?

Mmisiri_Wakale
Ine ndagwira ntchito yomanga moyo wanga wonse, nyumba za ku Soche ndazikonza zambiri. Choyamba ndifunse: mng'aluwo uli pakati pa khoma, kapena uli pamene khoma lina likukumana ndi linzake?

Nachisale_BT
Uli pamene pakuyambira khitchini bambo. Khitchiniyo bambo athu anachita kuwonjezera ife tili ana.

Mmisiri_Wakale
Basi, nkhani ndi imeneyo mwana wanga. Nyumba yanu sinasweke ayi. Zomwe zasiyana ndi nyumba ziwiri zimene anazigundanitsa. Yakaleyo inakhazikika kalekale, dothi la pansi pake linatsendereka. Khitchini inabwera pambuyo ndi maziko ake, mwina osazama, ndipo ikutitimira payokha. Pamene pali msoko m'pamene pamang'ambika. Matani kasimenti kopyapyala pamalo awiri kapena atatu modutsa mng'aluwo, mulembe tsiku, mudikire dzinja lidutse. Kakapanda kusweka ndiye kuti khitchini inasiya kuyenda, mungokonza msokowo. Kakasweka, kumbani m'mbali muone maziko a khitchini, osati a nyumba yaikulu.

Tsopano za zaka. Gobani pulasitala pang'ono pamalo obisika muone njerwa. Nyumba za nthawi imeneyo zinkayezedwa m'mainchesi: njerwa ya mainchesi 9 m'litali, 4 ndi theka m'lifupi, 3 kutalika, pophatikiza ndi msoko. Ndipo zimakhala zofanana zonse, m'mbali mwake mosongoka bwino. Mukafika pa khitchini ya bambo anu muona njerwa zina zazing'ono, zina zokhota, zina zopserera, chifukwa zinachokera pa uvuni wa kumudzi komwe aliyense ali ndi chikombole chake.

Kenako kandani dothi la pakati pa njerwa ndi msomali. Likamayoyoka lofiira kapena lakuda, anamangira matope. Likakhala loyererako, lofewa, ndipo mukadonthezera viniga likuchita thovu kwambiri, muli laimu wambiri. Likakhala lotuwa, msomali ukungoterereka, ndi simenti. Mukazipeza pa nyumba yaikulu, matope ndi laimu zimasonyeza kuti ndi yakale kwambiri. Simenti inayamba kupezeka mosavuta fakitale itatsegulidwa ku Blantyre m'nthawi ya Chitaganya, miyala yake ikuchokera ku Changalume ku Zomba.

Onaninso chimbudzi. Ngati chinamangidwa padera kumbuyo kwa bwalo, kapena chili ndi khomo lakunja, nyumbayo ndi ya m'badwo woyamba. Zam'mbuyo mwake zambiri anaziika chimbudzi ndi bafa pansi pa denga limodzi.

AnaPhiri_Kanjedza
Zoona bambo. Kwathu chimbudzi chinali kunja, usiku timaperekezana ndi nyali. Ndipo kumbuyo kwa nyumba kunali kanjira kopapatiza kodutsa mdadada wonse. Lero kanjirako anthu anakatseka ndi mipanda, wina anamangapo khola la nkhuku.

Dalitso_Ndix
Koma tisanamizane apa. Mukulankhula ngati nyumba zimenezi ndi zamtengo wapatali. Tizipinda take n'tating'ono, bedi lalikulu likalowa chitseko sichitseguka. Azungu ankamangira wantchito pogona, osati banja. Yerekezani ndi zimene anadzimangira okha ku Sunnyside, khonde kuzungulira nyumba yonse, bwalo lalikulu, nyumba ya wantchito kumbuyo. Ine ndikanakhala a Nachisale ndikanagwetsa n'kumanga ya mabuloko yoti ana anga azitambasukamo.

Kaphiri_77
Ndalama zogwetsera ndi kumanganso muwapatsa ndinu? Mwaufunsa mtengo wa thumba la simenti posachedwapa?

Dalitso_Ndix
Si nkhani ya ndalama yokha achimwene. Ndikukana kutamanda chinthu chomwe anachipanga mwadala kuti chikhale chochepa.

MphunzitsiWopuma
A Dalitso akunena zoona pa kukula kwa zipinda, ndipo sitiyenera kuiwala zimenezo. Koma ndikuwonjezereni mbali ina. Amene anaumba njerwazo, kuziotcha, kuziyala, kukhoma denga, anali amisiri akuda, ambiri ophunzira m'mamishoni. Mwambo umenewu ndi wakale. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogoleredwa ndi David Clement Scott, munthu yemwe sanaphunzire zomangamanga, ndipo njerwa zake zonse anaumba ndi kuotcha anthu akuno pamalo pomwepo. Chidakaimabe. Ndiye mukaona khoma loongoka ku Chitawira, pulani inali ya boma la atsamunda kapena la Housing, koma manja anali a agogo athu. Ine ndimalemekeza manjawo.

Dalitso_Ndix
Pamenepo tagwirizana aphunzitsi. Koma zipinda zidakali zazing'ono.

Mlendo_Bulawayo
Ndikuwerenga ndili kuno ku Bulawayo. Agogo anga anachoka ku Chiradzulu kudzagwira ntchito kuno, ine ndinabadwira konkuno. Nyumba mukufotokozazi n'zofanana kwambiri ndi za m'malokeshoni akale a kuno monga Mzilikazi, kapena Highfield ku Harare. Abale a ku Lusaka anganenenso za Matero. Kuyambira 1953 mpaka 1963 mayiko atatuwa anali pansi pa Chitaganya chimodzi, ndipo maganizo a mmene munthu wakuda wa m'tauni ayenera kukhalira anali amodzimodzi. Asibesitosi amene mukunenayo ankakumbidwa kwambiri kuno, ku Shabani komwe lero timati Zvishavane, ndi ku Mashava.

Ndikupempheni a Nachisale, nkhani ya dengalo muitenge mozama kuposa mng'alu.

Namwino_Q
Ndimafuna kunena zomwezo. Denga la asibesitosi likakhala lathunthu, losasweka, silivuta kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake. Mukaliboola, kulicheka ndi chopukusira, kulikwecha ndi bulashi ya waya louma kapena kuliponya pansi kuti lisweke, timaulusi take timauluka, munthu n'kutipumira m'mapapo. Timaulusito sitituluka m'mapapomo. Matenda ake, kuuma kwa mapapo ndi khansa, amadzaonekera patatha zaka 20, 30, ngakhale kuposerapo. Ku South Africa analetseratu asibesitosi mu 2008. Ngati mukuchotsa, nyowetsani kaye, masulani misomali m'malo mothyola, tsitsani lililonse lathunthu, ogwira ntchito avale zotchinga mphuno zenizeni, ana akhale kutali. Ndipo chonde musapereke zidutswa kwa anthu kuti akafolere khola kapena kuyala panjira.

Bambo_a_Tadala
Ife tinakulira pansi pa madenga amenewa, tinkakwerapo pothyola mango, tili bwinobwino mpaka lero.

Namwino_Q
Tithokoze Mulungu bambo. Koma kukhala pansi pa denga ndi kulicheka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Amene ndikumudera nkhawa ndi mnyamata waganyu amene adzatumidwe pamwambapo wopanda chotchinga kumaso.

AnaPhiri_Kanjedza
Mwatchula mango mwandikumbutsa. Kodi mitengo ija inali paliponse inapita kuti? Nyumba iliyonse inali ndi mango, mapeyala kapena magwafa, mpanda unali wa maluwa, munthu uli pakhonde umatha kupatsana moni ndi wa nyumba yachitatu. Lero ukuyenda pakati pa makoma okhaokha a njerwa, pamwamba magalasi osweka.

Wa_Nkolokosa
Mitengo inathera m'mauvuni ootchera njerwa za mipanda yomweyo mayi. Onani mmene phiri la Ndirande ndi la Soche analili kale ndi mmene alili lero.

Bambo_a_Tadala
Ine ndimakumbukira 1989 Papa John Paul II atabwera pa Njamba. Kwathu kunagona alendo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ena pakhonde, ena m'khitchini, nyumba ya zipinda ziwiri yomweyo. Mipanda kunalibe, anthu ankangodutsa pabwalo kupita ku misa.

Dalitso_Ndix
Mipanda inabwera chifukwa cha akuba, osati chifukwa choti anthu anasiya kukondana.

Wa_Nkolokosa
Palibe wakana. Koma mpanda uli ndi mtengo wake wina. Amene anajambula maderawa anasiya ngalande ndi tinjira toti madzi a mvula azitsikira kumtsinje wa Naperi. Aliyense atamanga mpanda mpaka m'malire, ena kupyola, madzi anasowa kolowera. Tsopano amaima m'mabwalo n'kumalowa pansi pa maziko. Namondwe Freddy atabwera mu March 2023, zoopsa kwambiri zinachitika kumtunda, ku Chilobwe ndi ku Manja komwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche. Koma ngakhale kumunsi kuno, yendani mufunse: zambiri zomwe zinagwa ndi mipanda ndi tinyumba ta lendi tomangidwa kumbuyo, nyumba zoyambirira zija zinatsala chiimire.

Nachisale_BT
Abale tabwererani kwa ine pang'ono. Ndapita kukaona monga ananenera a Mmisiri_Wakale. Njerwa za nyumba yaikulu n'zofanana ndithu, msoko wake ndi wolimba, wotuwa. Za khitchini n'zosiyanasiyana ndipo pakati pake ndi matope, simenti anangopaka kunja. Mazenera a nyumba yaikulu ndi achitsulo a timagalasi ting'onoting'ono. Chimbudzi chili m'nyumba momwemo koma khomo lake ndi lakunja.

Mmisiri_Wakale
Mwagwira ntchito yabwino. Ndiye mwaona nokha kuti chofooka ndi khitchini, chomwenso ndi chatsopano. Njerwa zofanana, simenti yolimba, mazenera achitsulo, chimbudzi cholumikizika koma cha khomo lakunja: ine ndingaiike nyumbayi pakati pa mapeto a Chitaganya ndi zaka zoyambirira za Housing. Chaka chenicheni chili m'mapepala.

Zina zoti muone musanayambe ntchito. Pansi penipeni pa khoma, pamwamba pa maziko, fufuzani kamzere kakuda ka phula. Ndiko kamaletsa chinyontho kukwera. Nyumba zambiri zakale kamzereka kanakwiririka chifukwa anthu anathira dothi kapena kuwaka simenti pabwalo mpaka kupitirira. Mukaona penti ikufufuma m'munsi mwa khoma, musathamangire kugula penti ina, tsitsani dothi la kunja.

Kwerani m'siling'i ndi tochi, mubaye matabwa ndi sikuludiraiva. Mukapeza thabwa lofiirira lonunkhira bwino, umenewo ndi mkungudza wa ku Mulanje, chiswe sichiukonda, ndipo lero simungaupezenso mwalamulo. Musalole aliyense akuuzeni kuti ndi wakale tiutaye. M'nyumba za boma zakale ku Zomba ndi kuno ankaugwiritsa ntchito kwambiri. Zam'mbuyo mwake zambiri ndi paini kapena bulugamu.

Pomaliza, mukamawonjezera chipinda musalumikize khoma latsopano mwa kugobola mano m'khoma lakale. Lipatseni maziko akeake okwanira, musiye msoko woongoka pakati, muutseke ndi chinthu chofewa. Likamakhazikika lidzatsetsereka osang'amba linzake. Ndipo musayerekeze kuika nyumba yosanja pamwamba pa maziko amenewa popanda injiniya. Anawakonzera kunyamula khoma limodzi ndi denga basi.

Kaphiri_77
Akuluakulu ngati awa ndi ofunika pagulu pano.

Magetsi_Bho
Ndiwonjezere za mbali yanga. Ngati muli masoketi a mabowo ozungulira ndi bokosi la mafyuzi omanga ndi kawaya, mawaya a m'nyumbamo ndi akalekale. Ena anali okutidwa ndi labala, yomwe ikakalamba imayoyoka ukangoikhudza. Nyumbazi anazikonzera mababu ochepa, wailesi ndi simbi. Lero tikulumikizapo kuka, firiji, giza ndi nyumba ziwiri za lendi kumbuyo. Sinthani mawaya onse nthawi imodzi pamene denga lili lotsegula, zimatsika mtengo kusiyana n'kudzaswa siling'i kawiri. Mapaipi a madzi achitsulo aja nawonso amadzaza dzimbiri m'kati. Anthu amadandaula kuti madzi akubwera pang'ono pomwe vuto lili pansi pa bwalo lawo lomwe.

Mlembi_Wakale
Za mapepala ndithandizeko, ndinagwirapo ntchito ya m'kaundula. Yambani ndi nambala ya puloti. Pitani nayo ku ofesi ya Housing, popeza nyumba iliyonse yomwe inali yawo inali ndi failo yake yosonyeza mtundu wa nyumba ndi amene anakhalamo. Pitaninso ku Civic Centre ku Chichiri, ku nthambi yoona mapulani a mzinda. Ngati bambo anu anapempha chilolezo pomanga khitchini, pulani yake ingapezeke kumeneko, ndipo inunso mudzayenera kudutsa komweko musanawonjezere chipinda. Ku ofesi ya za malo mukaone lizi, zaka zake ndi dzina lomwe lilipo. Ngati likadali la malemu bambo anu, konzani zimenezo musanathire ndalama pa njerwa, chifukwa mabanja ambiri amayambana nyumba itakongola kale.

Amene akufuna mbiri ya dera lonse, malipoti akale a boma amasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ili ndi zithunzi ndi mabuku akale a mzindawu. A Surveys, nthambi ya boma yoyeza malo, alinso ndi mapu ndi zithunzi zojambulidwa pandege zaka zosiyanasiyana. Mukaona kuti pa chithunzi china malo anu ndi tchire, pa chotsatira pali denga, mwapeza nthawi yake.

Musanyozenso sutikesi ya mayi anu. Khadi la lendi kapena lisiti la madzi likakhala m'mapaundi ndi mashiling'i, ndi la 1971 isanafike, chifukwa kwacha inayamba chaka chimenecho.

Gogo_wa_Naperi
Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Ine ndinalowa m'nyumba ya kuno ndili mtsikana, nditangokwatiwa, amuna anga ali kalaliki. Tikuchokera kumudzi, nyumba ya njerwa, mpope pakhomo, tinkaona ngati tafika kumwamba. Pansi tinkapaka polishi wofiira Loweruka lililonse mpaka kuwala. Malamulo analipo ambiri. Sunkaloledwa kumanga kalikonse pabwalo, ngakhale kakhitchini, chifukwa nyumba sinali yako. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Zowonjezerazi zinayamba anthu atayamba kugula nyumbazi kukhala zawozawo. Ndiye mwana wanga Nachisale, usawaseke bambo ako chifukwa cha khitchini ya matope. Anamanga ndi zomwe anali nazo, ana mutachuluka.

Nachisale_BT
Zikomo agogo, sindingawaseke. M'khitchini imeneyo ndi momwe tinkaothera moto nthawi ya chiperoni.

Dalitso_Ndix
Agogo anena mfundo yomwe ndimafuna. Amene analowa m'nyumba zimenezi anali ochepa, a ntchito zokhazikika. Anthu ambiri a mu Blantyre sanakhalepo m'nyumba ya Housing. Anapatsidwa mapuloti m'madera monga Zingwangwa, Chilomoni ndi Bangwe kuti adzimangire okha, ena anangomanga ku Ndirande ndi ku Mbayani popanda pulani. Mbiri ya nyumba za mumzinda uno ikamakambidwa, zidina ndi malata akale a kumeneko zizitchulidwanso.

MphunzitsiWopuma
Zoona. Madera a mapuloti amenewo poyamba ankayang'aniridwanso ndi a Housing, kenako kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anaperekedwa ku makhonsolo. Ku Lilongwe zinayendanso chimodzimodzi likulu litasamukira kumeneko mu 1975: Area 18 nyumba zomangidwa kale, Area 25 mapuloti odzimangira. Yambitsani mutu wake a Dalitso, tidzathirirapo ndemanga.

Wa_Nkolokosa
Funso kwa a Mmisiri_Wakale. Chipinda chatsopanocho amange ndi njerwa zootcha kuti chifanane ndi nyumba, kapena mabuloko? Paja malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo.

Mmisiri_Wakale
Mabuloko, bola akhale oumbidwa bwino ndi othiriridwa madzi masiku okwanira. Tengani limodzi muliponye pansi kuchokera m'chiuno. Likanyenyeka, kagule kwina. Poti pakhala msoko pakati, kusiyana kwa buloko ndi njerwa sikuvuta, pulasitala ibisa. Ngati mudzagumule khitchini, njerwa zabwino zomwe zituluke muzisunge, zidzagwira ntchito pa masitepe ndi pa ngalande.

Bambo_a_Tadala
Nanga pansi pofiira paja? Akazi anga akufuna matailosi, ine ndikukana.

AnaPhiri_Kanjedza
Amene amakolopa ndi kupaka polishi ndi ndani pakhomopo bambo? Ameneyo ndiye asankhe.

Mmisiri_Wakale
Gogodani pansipo ndi chitsulo a Bambo_a_Tadala. Pakamalira ngati ng'oma ndiye kuti simenti yapamwamba inasiyana ndi konkire ya pansi, matailosi akaikidwa pamenepo adzasweka chaka chisanathe. Pakamveka polimba paliponse mukhoza kuika, koma agobegobe kaye kuti polishi wa zaka zonsezi achoke, apo ayi guluu sagwira. Ndipo yezani zitseko, chifukwa matailosi akweza pansi ndipo mafelemu achitsulo aja sadulika mosavuta.